Kamwanapiye kovulalako yambani mwakafunditsa, za bala zibwere pambuyo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga: galu wagwira thadzi dzulo madzulo, anapiye ena onse apita, katsala kamodzi ka masiku anayi. Kali ndi bala pantchafu, mwendo kakuchita kukoka, sikakudya, kakungolira. Mwafunsa mankhwala oti mupake. Ndaona ena akuyankhani kuti mukapatse Panado, ena akuti ingokatayani, nkhuku mugula ina. Panadoyo musayerekeze n'komwe, kathupi kake n'kochepa kwambiri, mungokapha. Ndimaweta nkhuku zachikuda kuno ku Dedza, ndipo tianapiye totere ndalerapo kangapo. Tina tinachira, tina tinandifera m'manja, ndiye zomwe ndilembe apazi ndazionera pakhomo.

Chimene chingakaphe usiku uno si balalo ayi, koma kuzizira. Mwanapiye wa masiku anayi satha kudzitenthetsa yekha. Tiubweya take tija sitisunga kutentha mokwanira, n'chifukwa chake mumaona anapiye akangotola pang'ono amathamangira kukalowa kunsi kwa make. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenako mumatsitsa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse mpaka nthenga zenizeni zitakwanira, cha m'masabata 5 kapena 6. Kakazizidwa sikadya, ndipo ngakhale mukadyetse mokakamiza, m'mimba simugaya. Kulira kosalekeza komwe mukunenako nthawi zambiri n'kulira kwa kuzizidwa.

Pezani katoni yaing'ono, muboole timabowo ta mpweya m'mbali cha kumtunda. Pansi yalani thaulo lakale kapena chitenje chopindapinda. Nyuzipepala kapena pulasitiki ayi, zimaterera, ndipo miyendo imatangadza mpaka kupunduka, nanji kuti wina ndi wovulala kale. Thirani madzi otentha m'botolo, mutseke zolimba, mulowetse m'sokosi, muligoneke kungodya imodzi ya katoniyo. Kungodya imodzi yokha, kuti kakatenthedwa kathe kusunthira kwina. Yesani botololo patsaya panu: likakuwotchani ndiye kuti nakonso likawotcha, onjezani nsalu. Vuto la botolo n'loti limazizira pakatha maola atatu kapena anayi, ndiye muzidzuka usiku kusintha madzi ngati muli ndi khanda. Ine ndinkasiya fulasiki pafupi ndi bedi kuti ndisamavutike n'kukoleza moto pakati pa usiku.

Ngati muli ndi magetsi, babu lakale lija lotentha limathandiza, koma mababu a masiku ano a LED amangowala, satentha. Komanso magetsi akathima inu muli m'tulo, m'mawa mupeza kauma gwa. Botolo likhalepo ndithu. Mbaula musaitsekere nako m'chipinda, mpweya wa makala umapha mwanapiye msanga kuposa munthu, komanso inuyo ungakupwetekeni. Zoyezera kutentha simukufunikira kugula, kamwanapiyeko kakuuzani kokha. Kakamakanirira pabotolo uku kakulira mokweza, kakuzizidwa. Kakathawira kungodya ina, mlomo yasa, timapiko tambasu, mwaonjeza moto. Kakagona phee, khosi litagwera pansi ngati kafa, nthawi zina kakulira motsitsa, ndiye kuti mwakhoza. Tsiku loyamba kuona magonedwe amenewo ndinachita kukagwedeza, ndimaganiza kuti katisiya.

Kakafunda n'kuyamba kutukula mutu, m'pamene mubweretse madzi. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine poyamba. Kena kake ndinakatola kuseri kwa khola katanyowa ndi mvula, chifundo chitandigwira ndinakayasamitsa n'kuthira madzi ndi supuni. Kanatsamwa, timathovu tinatuluka m'mphuno, osatha ndi ola lomwe kanafa. Khomo la njira ya mpweya ya nkhuku lili kuseri kwa lilime, madzi othira chothira amapita kumapapo. Chofunika n'kungoviika nsonga ya mlomo m'madzi n'kukasiya, kokha kamatukula mutu n'kumeza. Madzi akhale ofunda pang'ono, musungunulemo supuni yaing'ono ya shuga m'kapu imodzi, koma za shugazo zithere tsiku loyamba lomwelo. Momweramo mukhale mosazama, ngati chivundikiro cha botolo la mayonezi, muikemo timiyala kuti kasagweremo n'kunyowa.

Chakudya chabwino ndi chick mash kapena starter ya kusitolo ya ziweto, ndipo ambiri amagulitsa pa kilo, simukufunika thumba lonse. Layers mash musapereke, muli calcium wochuluka amene amawononga impso za anapiye. Ngati kusitolo n'kutali, wiritsani dzira lilimbe, munyenye yolk yake (chachikasu cha m'kati chija), musakanize ndi mgaiwa pang'ono. Anthu ena zimawanyansa kuti mwanapiye adye dzira, koma ndi chomwecho chimene ankadya asanaswe, ndipo yolk yotsalira m'mimba ndiyo imam'sunga masiku awiri kapena atatu oyamba. Kanuko kadutsa kale pamenepo, nkhokwe yatha, kakuyenera kudya lero. Madeya okhaokha amangodzaza mimba, bala silipola ndi madeya. Onjezani usipa wosinja wopanda mchere, soya wokazinga ndi kugayitsa (wamuwisi ayi), kapena chiswe ngati pali chulu pafupi. Mukayamba kupereka chiswe ndi masamba, ikaninso timchenga, nkhuku ilibe mano, imagayira timiyala m'nthutumba.

Mwina kangoyang'ana chakudyacho osatola. Sikuti kakukana, kalibe wokaonetsa. Thadzi limajompha pansi uku likuitana, anapiye n'kumatsanzira. Inu gogodani ndi chala pamene mwawaza chakudyapo, pang'onopang'ono, ngati mlomo. Kakayamba kutsatira chalacho ndiye kuti zayamba kuyenda. Madzulo gwirani chithokomiro, kathumba kaja ka m'munsi mwa khosi: mukamva kodzadza, kadya. Muzionanso kumatako tsiku lililonse. Anapiye ozizidwa chitosi chimawaumira pamenepo mpaka kutseka njira. Nyowetsani ndi kansalu ka madzi ofunda chifewe chokha, osamatula chouma, kenako mukaumitse bwinobwino.

Tsopano bala lija. Wiritsani madzi theka la lita, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, azizire mpaka kufunda. Tsukani ndi thonje mofatsa, pabala pokhapo, osakasambitsa thupi lonse. Pakauma pakani GV, jivi yemwe uja wofiirira ngati biringanya, kapena ayodini wosungunula ndi madzi. GV ndimamukonda chifukwa amabisa kufiira kwa bala, paja nkhuku ikaona chofiira imajompha, ngakhale pathupi pake pomwe. Oyilo wa galimoto, parafini, phulusa, zimene ena alemba m'mwambamu, zisiyeni. Phimbani katoniyo ndi kachidutswa ka neti yakale, ntchentche zikaikira mazira pabala mphutsi zimatuluka mkati mwa tsiku limodzi. Ndipo katoniyo ikhale pamwamba, patebulo. Khoswe, mphaka ndi linthumbu, onsewo ntchito yawo ndi ya usiku.

Chimodzi chondidetsa nkhawa n'choti ngati balalo ndi la dzino la galu, kunja limaoneka laling'ono koma tizilombo talowa mkati. La mphaka ndiye loipa kwambiri. Pamenepo GV yekha sakwanira. Pitani kwa alangizi a ziweto a kudera kwanu kapena kusitolo ya mankhwala a ziweto, akupatseni ufa wosungunula m'madzi akumwa, monga oxytetracycline, ndipo mutsatire mlingo umene akuuzeni mpaka masiku ake athe, osati makapisozi otsala a anthu.

Za mwendo, gwirani mofatsa kuyambira kuzala kukwera m'mwamba. Ngati fupa lili lolunjika ndipo zala zikufumbata chala chanu, mwina n'kuwawa chabe kwa bala, kadzayamba kuponda pakapita masiku. Ngati lathyoka m'munsi mwa mfundo, pamene pali mamba paja, liwongoleni, muike thonje pang'ono, mitengo iwiri ya machesi yodula mitu uku ndi uku, mukulunge ndi pulasitala. Osathinitsa. Zala zikatupa kapena kuzizira masulani msanga. Muzimanganso pakapita masiku atatu kapena anayi chifukwa mwendo ukukula, ndipo mafupa a anapiye amalumikizana m'masabata awiri kapena atatu. Likathyoka kumtunda, m'ntchafu momwe muli mnofu, kumanga n'kovuta, kangokhala m'malo ochepa kuti kasamayendeyende. Koma ndinene zoona: ngati fupa latulukira kunja, kapena dzino laboola mimba, kapena papita masiku awiri kali pofunda koma sikakumeza ngakhale dontho, kukapha sikulakwa kwenikweni. Kungoti osakataya kudzala kamoyo kuti kadyedwe ndi nyerere. Pemphani munthu wozolowera kupha nkhuku achite mwachangu.

Kakachira mudzaona vuto lina, kusungulumwa. Nkhuku sinalengedwe kuti izikhala yokha. Kanga kena kanagwa m'zikhadabo za kabawi mwezi wa June, nthawi ya chisanu chenicheni, ana anakatcha Katsimphina. Kankati kadya, kafunda, koma ndikangotuluka m'chipinda, kulira mpaka mawu kusasa. Ndinaika kagalasi koyang'anira nkhope m'katonimo, n'kupachika chipewa chakale chaubweya chozondotsa kuti kazilowa kunsi ngati kwa make. Kankagona kataunjikana ndi chithunzi chake m'galasimo. Masana nthawi zambiri kankakhala m'thumba la juzi yanga ine ndikusenda mbatata, kamutu kokha katasuzumira kunja. Komabe chimene chinathetsa kulirako ndi pamene ndinapempha kamwanapiye kena ka msinkhu womwewo kwa aneba. Bala likangotsekeka, chitani zomwezo.

Ngati pali thadzi lina la anapiye a masiku ofanana ndi kanuko, mutha kukalowetsa kunsi kwa phiko lake usiku kuli mdima, m'mawa kusanache mukhale pomwepo kuonerera. Mathadzi ena amalandira, ena amajompha mpaka kupha, makamaka anapiye ake akakhala kuti akulapo. Kotsimphina sikangathe kuthawa, choncho musafulumire.

Kakalimba muzikatulutsa padzuwa la m'mawa kwa kanthawi, katavundikiridwa ndi dengu loti dzuwa lizilowa, inu muli pafupi. Dzuwa limalimbitsa mafupa. Zoyala muzisintha zikanyowa, chinyontho ndicho chimabweretsa kutsekula kwa magazi. Musaiwale katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodontheza dontho limodzi m'diso, wobwereza miyezi inayi iliyonse. Alangizi amadziwa kopezeka. Dikirani kachire kaye, katemera sachiza. Ana anu adzafuna kumakanyamula ndi kukapsompsona: azisamba m'manja ndi sopo akakagwira, zitosi za nkhuku zimatsekulitsa m'mimba, ndipo wamng'ono kwambiri asakagwire, amafinya osadziwa.

Katsimphina anakula n'kukhala thadzi, mpaka lero amayenda mopendekera ndipo salowa m'khola ndisanamuitane. Waswa kale kawiri. Inu kolezani moto pompano mutenthetse madzi a botolo lija. Kakafunda n'kumwa, jambulani mwendowo chapafupi, mbali zonse ziwiri, muponye pano tione ngati n'kofunika machesi.