Pa boneti palembedwa Toyota, nanga Denso ikufunanji mkatimo?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina amene akuphunzira umakaniko pa galaja ina ku Chawama. Akuti: "Amalume, tamasula Hilux ya D-4D, koma pa pampu ndi pa ma injector palembedwa Denso. Pa Benz imene inabwera mwezi watha panalembedwa Bosch. Kodi a Toyota ndi a Benz amangolumikiza zinthu za eni ake? Injiniyi amaiganiza ndani kwenikweni?"

Mphwanga, maso ako ali bwino. Ambiri timangomasula n'kumanganso osawerenga zolembedwa pachitsulo. Injini siganizidwa ndi kampani imodzi, ndipo pa nkhani ya mmene mafuta amalowera ndi kupsa mu silinda, makampani opanga zipangizo ngati Bosch ndi Denso nthawi zambiri amadziwa zoposa mwini dzina la galimoto.

Tenga common rail imene uli nayo m'manjayo, paipi imodzi yosunga dizilo yopanikizidwa kwambiri n'kumaigawira ma injector onse, amene amapopera mafuta mu silinda. Ku Ulaya amene anaikonza kuti igwire ntchito m'magalimoto ang'onoang'ono ndi akatswiri a kafukufuku a Fiat pamodzi ndi Magneti Marelli ku Italy. Inkagwira ntchito bwinobwino poyesera, koma kupanga injector imodzi yabwino ndi kupanga mamiliyoni ofanana ndendende ndi ntchito ziwiri zosiyana. Fiat inapereka lusolo kwa Bosch, kampani ya ku Stuttgart imene inakhazikitsidwa mu 1886 ndipo inayamba kupanga mapampu a dizilo ochuluka mu 1927. Mu 1997 Alfa Romeo 156 JTD inatuluka ndi common rail, Mercedes-Benz n'kutsatira. Ku Japan a Denso anali ataiika kale mu lole ya Hino mu 1995. Densoyo inachoka m'mimba mwa Toyota mu 1949, ndiye pa Hilux yakoyo ndi mwana wa m'nyumba.

Kuti uone kuvuta kwake: tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mpweya wosakwana 3 bar. Common rail yoyamba ya Bosch inkakankha dizilo pa 1,350 bar, ndipo za masiku ano zimapitirira 2,000. Mafutawo amatulukira pa timabowo tating'ono zedi, kangapo pa kuphulika kumodzi, kompyuta ndi imene ikulamula. Opanga injini sangajambule mutu wa pisitoni asanadziwe mmene mafuta opoperedwawo adzamwazikire, ndipo opanga injector sangaboole timabowo asanadziwe maonekedwe a pisitoni. Choncho amakhalira limodzi zaka zingapo galimoto isanafike pamsika, pamodzi ndi opanga mapisitoni ngati Mahle ndi opanga ma turbo.

Pali gawo lina limene silioneka pachitsulo, ndipo ndi limene limandisangalatsa ine. Ku Germany kuli bungwe lotchedwa FVV, limene linayamba mu 1956. Makampani olimbirana msika, opanga galimoto ndi opanga zipangizo omwe, amasonkha ndalama n'kugwirizana mafunso amene akuwavuta onse: mwaye umayamba bwanji mkati mwa lawi, n'chifukwa chiyani injini ya petulo imagogoda ikapanikizidwa, mphamvu yochuluka bwanji imathera pa kukhulana kwa mphete za pisitoni. Ntchitoyo amaipereka ku mayunivesite, zotsatira zake n'kugawana. Zili ngati alimi a m'mudzi umodzi osonkherana kukumba chitsime, koma aliyense n'kukathirira dimba lake, n'kukapikisana pa mtengo wa tomato ku Soweto. Ku Japan anachitanso chimodzimodzi mu 2014 ndi bungwe la AICE.

Pa tebulo limenelo wopanga zipangizo ali ndi mwayi umene ena alibe. Toyota imadziwa injini za Toyota. Bosch imaona injini za makampani ambiri nthawi imodzi, ndiye vuto likamabwerezeka imalizindikira msanga. Ndiyonso imabwereketsa ma injector ndi makompyuta oyesera kwa ofufuza a ku yunivesite, n'kuwauza mosabisa ngati nzeru yawo singapangike mufakitale pamtengo umene wogula angakwanitse. Sensa ya oxygen imene umaiona pa ekizozi inabadwa chonchi: Bosch inaipanga, Volvo n'kukhala yoyamba kuiika m'galimoto mu 1976.

Usaganize kuti ubale umenewu ndi woyera nthawi zonse. Mu 2015 zinaululika kuti Volkswagen inkabera mayeso a utsi wa dizilo, ndipo kompyuta ya injinizo inali ya Bosch. Mu 2019 oimira boma pa milandu ku Stuttgart anailipiritsa Bosch mayuro 90 miliyoni. Amene walemba nawo pulogalamu sanganene kuti iye amangogulitsa zitsulo basi.

Tsono zikukukhudza bwanji iwe ku Chawama? Kafukufuku yenseyu amachitikira pa mafuta a kwawo. Ku Ulaya dizilo ya pamsewu sipitirira 10 ppm ya sulufule (magawo khumi pa miliyoni) kuyambira 2009. Ife kuno tinakhala zaka zambiri ndi dizilo ya sulufule wochuluka yoyengedwa ku Ndola, mpaka paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam inayamba kubweretsa dizilo yoyengeratu ya sulufule wochepa mu 2023. Onjezera fumbi la mu Okutobala ndi mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena palafini. Injini zakale za mu minibasi zinkameza zonsezo n'kumapitabe. Common rail sipirira choncho, chifukwa mipata ya mkati mwa injector ndi yopyapyala kuposa tsitsi limodzi.

Ndinaonapo ndekha injector zinayi zatsopano zitatha pa miyezi yochepa chifukwa mwini galimoto anakana kugula fyuluta yabwino ya dizilo, ati yakwera mtengo.

Chomaliza, yang'ana pamutu pa injector ya Denso uli nayoyo. Pali manambala ndi zilembo. Injector iliyonse imayesedwa kufakitale, ndipo kusiyana kwake pang'ono ndi zinzake kumalembedwa mu kodi imeneyo. Ukasintha injector, kodiyo iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto ndi makina a diagnosis. Ukapanda kutero injini imatha kugogoda ndi kufuka, bwana wako n'kuyamba kunamizira pampu. Uzilemba makodiwo papepala, silinda ndi silinda, usanamange.