Zip yakana kumasuka? Musathamangire kugula pulogalamu yokonzera

Sabata yatha achemwali ena amene amawerenga zolemba zanga ananditumizira imelo. Akuti alandira fayilo ya zip ya kuntchito, koma akati aimasule, kompyuta ikungoyankha kuti "Unexpected end of archive". Funso lawo: kodi agule pulogalamu yokonzera mazip owonongeka imene aiona pa intaneti?

Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Bambo athu atamwalira, achimwene anga aakulu anasonkhanitsa zonse zimene zinali mufoni ndi mulaputopu ya malemuwo, zithunzi, mavidiyo, ngakhale timawu timene ankadzijambula okha, n'kuzithinitsa mu zip imodzi. Ananditumizira linki. Ndinayamba dawunilodi usiku netiweki ikudukaduka, ndinakagona, m'mawa ndinapeza fayilo ili phee pomwe ndinaisiya. Kudina kawiri, uthenga womwewo umene mwauona inuwo. Ndinachotsa WinRAR, pulogalamu yomasulira mazip, n'kuiikanso. Ndinazimitsa kompyuta katatu konse, ngati kuti ikadzuka ikhala itasintha maganizo. Kenako ndinawaimbira achimwene n'kuwauza kuti athinitsa mosokoneza, iwo n'kundiuza kuti ine ndi amene sindidziwa kugwira kompyuta. Anthu awiri ofedwa, kukanganirana zip.

Tsiku lachitatu ndi limene ndimachita nalo manyazi. Ndinakoka kapulogalamu kena kolonjeza kukonza zip iliyonse. Kanasanthula fayiloyo mphindi zambiri, kenako kanandiyalira mayina a zithunzi pa sikirini, mtima wanga n'kugunda. Nditadina kuti ndizitulutse, kanati ndilipire kaye. Sindinalipire, koma kanandisiyira mphatso: tsamba loyambira la browser yanga linasintha, ndipo zotsatsa malonda zinkangotumphuka paliponse mpaka ndinakachotsa.

Amene anathetsa nkhani ndi achimwene omwewo, mtima utatsika. Anangoti, "Iwe, fayilo yakoyo ndi yaikulu bwanji?" Ndinadina batani lakumanja la mawusi, n'kupita pa Properties. Yanga inali 4.1 GB. Yawo inali 6.3 GB. Masiku atatu ndikulimbana ndi fayilo imene inaduka panjira.

Chifukwa chake n'chosavuta. Phil Katz, amene anapanga zip mu 1989, anaika mndandanda wa zonse zili m'katimo kumapeto kwa fayilo, osati koyambirira. Zili ngati buku limene tsamba la zam'katimu lili kumbuyo kwenikweni. Dawunilodi ikaduka, chimene chimatayika ndi mchirawo, ndipo pulogalamu ikaufuna n'kuusowa imangokweza manja. Mukamva kagulu ka RAR, mtundu wina wa mafayilo othinitsa, kameneko ndi ka Eugene Roshal ka mu 1993, ndipo kapangidwe kake n'kosiyana, koma nako kakaduka kamadandaula mofananamo. Uthenga wina umene umaopseza anthu ndi "CRC failed". Pothinitsa, pulogalamu imawerengera nambala inayake kuchokera pa zomwe zili mufayilo iliyonse n'kuisunga. Pomasula imawerengeranso, ndipo nambala ziwirizo zikasiyana ndiye kuti penapake pasintha. Nthawi zina n'kudawuniloda kolakwika, nthawi zina fulashi yotopa, nthawi zinanso, pa mazip akale, ndi pasiwedi yolakwika basi.

Ndiye ndinene mosapsatira: musagule. Palibe pulogalamu imene ingabweze zimene sizinafike pa kompyuta yanu. Mapulogalamu amenewa amangotola zidutswa zomwe zilipo kale, ntchito imene pulogalamu ya 7-Zip imagwira ulere. Igor Pavlov anaitulutsa mu 1999 ndipo mpaka lero siipempha kanthu. Kukonza kwenikweni kumene ndikukuvomereza ndi kwa fayilo ya RAR imene wothinitsayo anaiikira recovery record, kachigawo kowonjezera kothandiza kukonza fayilo ikawonongeka. Pamenepo WinRAR, mukadina Alt ndi R, imatha kudzaza timabowo ting'onoting'ono. Koma ndi anthu angati amakumbukira kuika zimenezo? Ine sindinakumanepo naye.

Ndipotu mavuto ambiri amayambira kwa otumiza. Munthu amagawa fayilo zigawo zisanu, part1.rar mpaka part5.rar, n'kutumiza zinayi, chachisanu waiwala. Wina amatseka ndi pasiwedi osanena. Chomasulira chimene chimabwera ndi Windows sichitha zip yotsekedwa ndi AES, njira yolimba yotsekera ndi pasiwedi, ndiye wolandirayo amaona ngati fayilo yaola pomwe ili bwinobwino. Windows 11 inayamba kutsegula yokha mafayilo a rar ndi 7z mu 2023, zikomo kwambiri, komabe ine ndikakumana ndi fayilo yovuta sindiidalira. Ndiye pali aja okonda mafoda: foda m'kati mwa foda m'kati mwa foda, iliyonse dzina lake chiganizo chathunthu, "Malipoti omaliza enieni okonzedwanso ndi abwana". Windows kuyambira kale imatopa njira ya fayilo ikafika zilembo 260, ndipo imakupatsani uthenga wa vuto wa nambala 0x80010135. Ndinagwirapo ntchito ndi munthu wotere ndipo ndinkaopa imelo yake iliyonse.

Nkhani ya bambo ija sinathere pomwepo. Nditadawunilodanso, ndinafuna kusunga zip yonseyo pa fulashi ya 32 GB yopanda kanthu, koma inakana kuti fayilo yakula. Fulashi zambiri zimabwera ndi njira yosungira mafayilo yotchedwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yofika 4 GB, ngakhale malo atakhalapo ochuluka chotani. Mankhwala ake n'kuifomata kukhala exFAT kapena NTFS, koma muyambe mwasamutsa zanu, chifukwa kufomata kumasesa zonse. Usiku umenewo ndinamva mawu a bambo akuyesa maikolofoni ya foni, akuti "Imeneyi ikujambula kodi?" Ndinaibwereza kasanu.

Ndiye muchite chiyani?

Afunseni amene anakutumizirani kuti fayiloyo ndi yaikulu bwanji kwawoko, muyerekeze ndi yanu. Pa uthenga umene mukuuonawo, ndikhoza kulumbira kuti yanu ndi yoperewera. Ifufuteni, mudawunilodenso netiweki ikakhazikika. Ikakhala yofanana kukula, itseguleni ndi 7-Zip yatsopano n'kudina Test. Ikuuzani fayilo yeniyeni imene yavulala. Imasulireni pafupi, monga mu C:\a, ndipo muonetsetse kuti pa C pali malo, poti mukamakoka mafayilo ndi mawusi amayamba adutsira mufoda ya Temp, imene imakhala pa C pomwepo. Ngati ili ndi zigawo, zonse zikhale mufoda imodzi, mayina osasintha, muyambire pa choyamba.

Fayilo ikakhala yaing'ono modabwitsa, ma KB ochepa chabe, itseguleni ndi Notepad. Zip yeniyeni imayamba ndi zilembo PK, zoyamba za dzina la Phil Katz uja, RAR imayamba ndi "Rar!". Mukaona mawu a tsamba la pa intaneti okuuzani kuti mulowe kaye ndi akaunti, ndiye kuti munakoka tsambalo osati fayilo. Ndipo ngati wotumizayo sakupezekanso, mu WinRAR chongani "Keep broken files" musanamasule, mupulumutseko zimene zinafika.

Mundilembere manambala awiri aja, achemwali, lanu ndi lawo.