Zanzibar kwa masiku anayi: funsani kaye za madzi

Sabata ino ndalandira kalata ya mayi wina wa ku Lilongwe. Iwo ndi amuna awo akukwanitsa zaka 10 ali pabanja, akufuna kukapumula masiku atatu kapena anayi ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, ndipo anditumizira mahotela awiri apamwamba omwe aona pa Instagram, ina ku Paje, ina ku Kendwa, kuti ndiwasankhire. Mayi, funso lanu ndi lomwe ambiri amayambira, ndipo ndalama zimalowa m'madzi pomwepo, chifukwa chithunzi cha hotela sichinena kuti anachijambula nthawi yanji.

Ife tinazolowera nyanja yathu: mukaisiya pa Senga Bay m'mawa, madzulo mukaipeza pomwepo. Nyanja yamchere siitero. Madzi amaphwa kawiri ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, Jambiani, Bwejuu ndi Matemwe, pansi pa nyanja ndi pafulati, choncho madzi akaphwa amathawa mamita mazanamazana. Kutsogolo kwa hotela kumatsala mchenga wonyowa, miyala yakuthwa, ndi minda ya ndere zomwe amayi akumeneko amalima pa zingwe zomangirira ku zikhomo. Mumawaona atawerama, zitenje zitanyowa mpaka m'mawondo, akukolola. N'zosangalatsa kuona, inde, koma munthu amene walipira madola ambirimbiri usiku umodzi kuti asambe m'nyanja amakhala akudikirira madzi ngati minibasi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kuphwako kumanyanya. Ndipo m'timaiwe totsalirato mumakhala ma sea urchin, tinyama takuda tobulungira ta minga italiitali yomwe imathyokera m'phazi. Popanda nsapato zam'madzi musayendemo.

Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, nyanja imazama msanga ndipo mutha kusamba pafupifupi nthawi iliyonse. Gombe la Kendwa linayang'ana kumadzulo, dzuwa limalowa m'madzi inu mukuona. Vuto lake ndi kuchuluka kwa anthu: ogulitsa maulendo apaboti sachedwa kukupezani, ndipo kumachitika maphwando a mwezi wathunthu omwe phokoso lake limafika patali. Amene ali ndi sabata ziwiri angathe kupirira madzi a kum'mawa n'kumasangalala ndi bata lake. Wa masiku anayi ayi. Pamenepa sindisintha maganizo.

Chinanso chimene ndimakana ndi kugawa masiku ochepawa pa mahotela awiri. Kuchokera pabwalo la ndege la Abeid Amani Karume kukafika ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, ola limodzi ndi theka pa galimoto. Kusamuka kuchoka kumpoto kupita ku Paje kumadya maola ena awiri. Onjezani kuti mahotela ambiri amapereka chipinda cha m'ma 2 koloko masana koma amafuna mutuluke isanakwane 11 koloko m'mawa. Tsiku lathunthu limathera m'zikwama.

Nyengonso iwerengeni. Mvula yamphamvu, yomwe eniake amati masika, imagwa kuyambira pakati pa Malichi mpaka Meyi, ndipo mitengo yotsika yomwe mumaona pa intaneti miyezi imeneyo ili ndi chifukwa chake. Mahotela ena amatseka kumene. Juni mpaka Okutobala ndi kouma komanso kozizirira, ngakhale kum'mawa kumawomba mphepo ya kusi, ija yokondweretsa anyamata oseweretsa makaiti pamadzi ku Paje. Novembala kumagwa mvula yapang'ono, Januwale ndi Febuluwale kumatentha kwambiri. Kumapeto kwa Disembala mitengo imakwera ndipo mahotela ambiri amakakamiza kulipira chakudya chapadera cha Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Pajatu anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu: pa Ramadan malo odyera ena a m'tauni amatseka masana, ndipo nthawi ina iliyonse, mukatuluka pa hotela, phimbani mapewa ndi mawondo. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhaniyi.

Mapepala ndi ndalama

Pasipoti ya Malawi siifuna viza yolowera ku Tanzania pa ulendo waufupi, koma itsale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayamba kufuna kuti alendo agule inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe inayamba pa $44 munthu wamkulu, ngakhale muli kale ndi yanu. Gulani pa intaneti musananyamuke, chiphaso chake muchisunge pa foni ndi papepala. Ngati ndege yanu idzera ku Nairobi kapena Addis Ababa ndipo mukhalako maola opitirira 12, akhoza kukufunsani khadi ya katemera wa yellow fever. Mukadzera ku Dar es Salaam, ndege yowolokera pachilumba imatenga mphindi pafupifupi 20, pamene boti lothamanga limatenga maola awiri, ndipo mabotiwa sayenda usiku. Kwa masiku anayi, kwerani ndege.

Mawu oti "all inclusive", kutanthauza kuti zakudya ndi zakumwa zili kale mu mtengo wa chipinda, musawakhulupirire msanga. Lemberani hotela, akuyankheni polemba: kodi zakumwa zochokera kunja zili momwemo? Malo odyera onse a pa hotelapo, kapena amodzi okha? Galimoto yodzakutengani kubwalo la ndege? Nanga msonkho wa boma womwe amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, womwe kawirikawiri umalipidwa padera potuluka? Funsaninso kusiyana kwa "sea view" (chipinda choonera nyanja) ndi "beachfront" (chipinda cha pagombe penipeni). Loyambalo lingatanthauze kuti mukaima pakona ya khonde n'kusuzumira pakati pa mitengo ya kokonati, muona kachidutswa ka buluu. Pitaninso ku banki yanu sabata ziwiri zisanakwane mukafunse malire a khadi yanu kunja, poti ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, khadi kukanidwa pa kauntala si zachilendo. Madola apamanja akhale atsopano, osang'ambika, akale amawakana. Majumbo apulasitiki asiyeni kunyumba, analetsedwa ku Tanzania mu 2019. Malungo aliko ngakhale ndi ochepa, choncho mafuta othamangitsa udzudzu musaiwale.

Ndiye yankho lanu, mayi: tengani ya ku Kendwa, usiku unayi, chipinda chakutali ndi bala, pa masiku oti mwezi suli wathunthu. Ulendo wotuluka ukhale umodzi wokha, ku Stone Town, tauni yakale ya pachilumbachi, nthawi ya madzulo, mukaone zitseko zake zosemasema kenako mukadye nsomba zootcha pa msika wa zakudya wa Forodhani dzuwa litalowa. Pa fomu ya hotela lembani kuti ndi chikumbutso cha ukwati wanu. Mahotela ambiri amakonza keke kapena tebulo pamchenga akadziwiratu.