Mayi wa pa K200 uja ndi ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina amene amawerenga zolemba zanga. Akuti anatulutsa K200 kuti alipire minibasi, maso n'kugwera pa nkhope ya mayi ali pandalamapo. Dzina analiwerenga, Rose Chibambo, koma sanalizindikire. Funso lake: mayiyu anachita chiyani, ndipo bwanji kusukulu sanamutchulepo?

Achemwali, funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima, koma tiyambe ndi loyamba.

Rose Lomathinda Chibambo anabadwa pa 8 Seputembala 1928 ku Kafukule, m'boma la Mzimba. Bambo awo anali a Ziba. Dzina la Chibambo analitenga atakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, amene ankagwira ntchito m'boma, ndipo ntchitoyo ndi imene inafikitsa banjali ku Zomba. Masiku amenewo nkhani inali m'kamwam'kamwa inali ya chitaganya, chimene azungu anachikhazikitsa mu 1953 pophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Amuna a Nyasaland African Congress ankakumana kukana chitaganyacho, akazi awo atatsala kunyumba. Mayi Chibambo sanakhutire nazo. Anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo, ndipo gulu limenelo ndi lomwe linakula n'kukhala bungwe la amayi la Congress.

Apa ndikufuna muone bwino zaka. Dr Banda anabwera kumudzi pa 6 Julayi 1958. Pofika tsikulo, Mayi Chibambo anali atatha zaka akuyenda ndi amayi pa nkhani zandale. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti amayi analowa ndale kudzera m'magule a mbumba, atavala nsalu ya nkhope ya Kamuzu. Ayi ndithu. Amayi anayamba ndi misonkhano ndi kukana chitaganya. Zovina pabwalo la ndege zinabwera pambuyo.

Pa 3 Marichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, atsogoleri a Congress n'kuyamba kugwidwa. Mayi Chibambo anali oyembekezera, choncho anawadikira kaye. Atangochira, apolisi anabwera, ndipo analowa ndende ya Zomba khanda lili m'manja. Anakhalamo kupitirira chaka. Mukaone mayi amene wangotuluka m'chikuta, ndiye muganize kuti akumutengera kundende.

Atatuluka anapitiriza ntchito mu Malawi Congress Party, kenako anakhala phungu wa kummwera kwa Mzimba komanso wachiwiri kwa nduna, mayi woyamba kufika pampando wotero m'dziko muno.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ufulu tinalandira pa 6 Julayi 1964, koma miyezi iwiri isanathe nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Zinkadandaula kuti maudindo akuluakulu m'boma akadali m'manja mwa azungu, zinkakana ubale ndi Portugal ndi South Africa, zinkakananso tiki (makobiri atatu) imene odwala ankalipitsidwa kuchipatala. Pa 7 Seputembala Banda anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo. Kuyambira pamenepo onsewa anatchedwa zigawenga, ndipo banja la a Chibambo linathawira ku Zambia.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, dzina la chigawenga silinkatchulidwa pagulu, ngakhale m'kalasi. Mphunzitsi wofuna kusunga ntchito ndi moyo wake ankangolumpha. Aphunzitsi anu, achemwali, ambiri anaphunzitsidwa ndi anthu amene anakula m'mantha amenewo, ndiye zimene sanamve akanakuuzani bwanji? Ine ndimaona kuti Mayi Chibambo sanaiwalike mwangozi. Anafufutidwa dala, ndipo kufufutako kunagwira kwa zaka 30.

Ndingoonjezapo kuti mnzawo Vera Chirwa zinamuonekera zoposa apa: anagwidwa pamodzi ndi mwamuna wake Orton mu 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anatuluka m'ndende mu 1993, mwamunayo atafera komweko mu 1992.

Mayi Chibambo anabwerera kwawo mu 1994, ndale za zipani zambiri zitayamba, n'kukhazikika ku Mzuzu. Nkhope yawo inaikidwa pa K200 mu 2012, chaka chomwe Joyce Banda anakhala pulezidenti woyamba wamkazi wa Malawi. Anamwalira mu Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa ku Mzuzu komweko.

Ngati agogo anu alipo ndipo anali achikulire kale mu 1964, atengereni K200 yomweyo muwafunse. Mudzaone ngati sayamba ayang'ana kaye kukhomo asanayankhe.