Ku Sun City ndi banja lalikulu: gonani m'kati mwa geti, pa nyumba ya khitchini

Achemwali, ndaliona funso lanu. Mwati mulipo anthu 14, kuphatikiza agogo awiri ochokera ku Lilongwe ndi ana 6, mmodzi wakhanda, ndipo mukufuna masiku anayi ku Sun City, malo achisangalalo a ku South Africa, mu Disembala. Mwafunsa kogona, basi yoti makolo akwere, ndi zoti ana akachite kumeneko. Za basi ena ayankha kale. Ine ndilankhula za kogona, chifukwa ndapitako kawiri ndi chigulu ngati chanucho, ndipo ulendo woyamba tinavutika kwambiri.

Ndaona pamwambapa ena akuti "ingopezani nyumba yotchipa chapafupi, kumeneko muzingopita masana." Pepani abale anga, amene akunena zimenezi ndikukhulupirira anapita awiriwiri kapena ndi mwana mmodzi. Ndi agogo ndi khanda sizitheka. Ife tinachita zomwezo. Tinalipo 11, tinaona nyumba pa Facebook, zithunzi zokongola, atalemba kuti ili "pafupi ndi Sun City". Titafika tinapeza kuti ili chakufupi ndi Rustenburg, mtunda wa makilomita ngati 40 kukafika pa geti. Magalimoto tinali nawo awiri. M'mawa uliwonse inali nkhondo: kudzutsa ana, kuwasambitsa, kulongedza matawulo ndi matewera, kenako kukaima pa mzere wa magalimoto pa geti dzuwa litakwera kale.

Chimene sitinachiwerengere n'chakuti ukagona kunja, umalowa ngati mlendo wa tsiku limodzi, ndiye umalipira pa mutu tsiku lililonse. Kulowa mpaka ku Valley of Waves, kumene kuli dziwe la mafunde lija, ife inkatikwana marandi mazana angapo munthu mmodzi. Muchulukitse ndi 14, muchulukitsenso ndi masiku anu, muona nokha kuti ndalama imene mwapulumutsa pa nyumba yotchipa ija yathera pa geti ndi pa mafuta. Amene agona m'mahotela a m'katimo kapena ku Sun Vacation Club, nyumba zodziphikira za m'kati momwemo, amalowa ku mafundeko osalipiranso. Komanso masiku a tchuthi matikiti a alendo a tsiku limodzi amakhala owerengeka ndipo amatha msanga.

Koma chinandiwawa kwenikweni si ndalama. Ndi mayi anga. Pofika 12 koloko anali atatopa, miyendo itatupa, kutentha kwa kumeneko mu Disembala kumadutsa madigiri 30. Analibe pogona. Tinawayalira chitenje pa mthunzi, anthu akudutsa uku ndi uku, iwo osafuna kudandaula poopa kusokoneza chisangalalo cha zidzukulu. Mwana wa mng'ono wanga, wa miyezi 8, analira mpaka mawu kutha chifukwa nthawi yake yogona inadutsa. Chamadzulo kunabwera mvula ya mabingu, monga imachitira nyengo imeneyo, tonse kuthamangira ku magalimoto ana atanyowa. Tsiku lachiwiri madzi a pampopi anatha ku nyumba ija, mwini wake foni osayankha. Tsiku lachitatu mayi anakana kutuluka, akuti pitani nokha ndikudikirani. Munthu woti wayenda ulendo wonse uja wa pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kudzangokhala yekha m'nyumba ya eni. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Ndiye langizo langa ndi limodzi: gonani m'kati mwa geti, ndipo tengani nyumba yokhala ndi khitchini, osati zipinda za hotela.

Ulendo wachiwiri tinagona ku Sun Vacation Club. Ndi nyumba zodziphikira nokha, zili m'kati momwemo. Ya zipinda ziwiri imagona anthu ngati 6 mukawerengera ndi sofa ya pabalaza, ndipo ziliponso zokulirapo. Inu 14 mufunika ziwiri zazikulu kapena zitatu. Muli sitovu, firiji, mbale, ndi malo owotchera nyama panja. Timabasi ta m'katimo timazungulira tsiku lonse ndipo sitilipiritsa. Agogo akatopa, mmodzi amawaperekeza, mphindi zochepa ali pa bedi, enanu mukupitiriza. Khanda likafuna kugona, chimodzimodzi. Ana akuluakulu ankabwera kudzadya nkhomaliro n'kubwereranso kumadzi. Kusiyana kwake ndi ulendo woyamba uja kunali ngati usiku ndi usana.

Za khitchinizi musazipeputse. Chakudya cha m'malesitilanti a m'katimo ife titapita munthu mmodzi ankatha marandi 150 mpaka 250 osachita khama, ndipo ku Valley of Waves salola kulowa ndi makulabokosi. Anthu 14, katatu pa tsiku, masiku anayi, ndalama yake ndi yokwana ulendo wina. Kuwonjezera apo makolo athu mukuwadziwa. Tsiku loyamba adya tchipisi ndi nkhuku mwaulemu, lachiwiri ayamba kunena kuti sanadye kanthu chifukwa nsima sanaione. Ife tinkaphika phala ndi tiyi m'mawa, nsima madzulo, masana zopepuka. Nyamulani poto wanu wamkulu, mthiko ndi chipande. Mapoto a m'nyumba zimenezi ndi aang'ono, a anthu ophika za anthu anayi, ndipo mthiko simuupeza. Ufa, mpunga, nyama, mafuta, madzi akumwa, gulani mukuchoka ku Joni kapena pa Rustenburg. Pali mashopu kunja kwa geti, pa Sun Village, koma ndi ongogulirapo buledi ndi mkaka zikatha, mu Disembala pamadzaza anthu.

Za mahotela ndinene mwachidule. Cabanas ndiye yotsikirapo mtengo ndipo ndi ya mabanja, ili pafupi ndi nyanja yokumba imene kuli maboti, pali kapinga wambiri woti ana athamangepo. Banja la anthu anayi ndingalitumize kumeneko osakayika. Koma zipinda zake ndi zazing'ono, mulibe mophikira, ndipo inu mungafunike zinayi kapena zisanu, chilichonse marandi zikwi zingapo usiku umodzi nyengo ya tchuthi. Palibenso pabalaza poti banja lonse likhale pamodzi madzulo, aliyense amangodzitsekera kwake. Cascades ndi yodulirapo. The Palace of the Lost City, imene inatsegulidwa mu 1992, ndi ija mumaiona pa zithunzi ndi nsanja zake ndi ziboliboli za njovu. Wina pamwambapa wati mugone kumeneko chifukwa "ndi kamodzi pa moyo". Ngati thumba likulola anthu 14, chabwino, koma ana amathera tsiku lonse m'madzi, chipindacho amangochiona pogona. Kajambulitseni pa Bridge of Time, mlatho uja umagwedezeka ngati chivomezi, nyumba yachifumuyo mudzaiona bwinobwino.

Tsopano chenjezo lalikulu, ndipo apa mumvetsere achemwali, wakutsina khutu ndi mnansi. Nyumba za ku Vacation Club zambiri zili ndi mamembala amene anagula masabata awo, ndipo ena amabwereketsa masabata amenewo akakhala kuti sapita. Zimenezi zimachitikadi. Vuto ndi lakuti akathyali nawo anaona mpata. Amaba zithunzi, n'kulemba m'magulu a Facebook ndi WhatsApp kuti ali ndi sabata ya Khirisimasi pa theka la mtengo, "lipirani dipoziti lero ena akufunanso." Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu anatumiza ndalama yosonkherana banja lonse, anafika pa geti ndi ana ndi zikwama, dzina lake kulibe m'kompyuta, nambala ija yazimitsidwa. Anabwerera usiku womwewo. Choncho ngati mungathe, bukitsani ku kampani mwini wake. Mukadzera mwa membala, akupatseni nambala ya bukingi, inu muimbe nokha ku ofesi pa nambala imene mwaipeza pa webusaiti yeniyeni, osati imene wakupatsani iyeyo, mufunse ngati bukingiyo ilipo ndiponso ngati dzina la mlendo lasinthidwa kukhala lanu. Musanamve zimenezo musatumize ngakhale randi imodzi. Munthu wokuumirizani kutumiza pa foni mwachangu, msiyeni. Sabata ya Khirisimasi yotchipa kulibe.

Pobukitsa nenani zinthu izi momveka, ndipo akulembereni pa imelo: nyumba zikhale zoyandikana, ya agogo ikhale ya pansi yopanda masitepe ambiri, pafupi ndi poimira basi, ndi kabedi ka khanda. Malowa ndi aakulu ndipo ndi a zitunda, mukapanda kunena mupezeka ena muli uku ena kutsidya, poto wa nsima kumayenda naye mtunda. Mudziwenso kuti amawerenga mitu. Nyumba ya anthu 6 ndi ya anthu 6, si kwathu kuja timangoyala mphasa pabalaza. Alamu amene amati "tiona" mpaka tsiku lomaliza, auzeni tsiku lotsekera, ndipo ndalama asonkhe musanabukitse. Ine ndinaonapo abale akusiya kulankhulana chifukwa mmodzi analipira zonse ena n'kusintha maganizo.

Masiku nawo ndi nkhani. Kumeneko amakonda kugawa pawiri: Lolemba mpaka Lachisanu, ndi Lachisanu mpaka Lolemba. Masiku anu anayiwo akukwana ndendende pa Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo anthu amachepako poyerekeza ndi Loweruka. Kuyambira cha pa 16 Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale ndiye pachimake, mitengo ili kumwamba ndipo pa mafunde pamakhala poponda phazi posowa. Ngati ana atsekera msanga, pitani isanafike nthawi imeneyo, koma muyang'ane masiku a mpikisano wa gofu wa Nedbank Golf Challenge, umene umachitikira pa Gary Player Country Club cha mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Sabata imeneyo malo ogona amasowa. Ndipo ngati mukadali kuganiza za Disembala uno, imbani mawa lomwe, anthu amabukitsa miyezi yambiri isanakwane. Wina wati dikirani Juni kukatchipa. Juni kumeneko ndi chisanu chenicheni, ana salowa m'madzi, ndipo nyengo yozizira ndi imene amatsekako Valley of Waves kwa masabata kuti akonze.

M'kati mukakanika kupeza malo, chachiwiri chimene ndingavomereze ndi timanyumba todziphikira ta ku Manyane kapena Bakgatla, pa mageti a nkhalango ya nyama ya Pilanesberg. Mudzakhalabe alendo a tsiku limodzi ku Sun City, koma mukatero musinthe dongosolo: tsiku limodzi lokha ku mafunde, ena onse kukaona nyama. Nkhalango imeneyi yangogundana ndi Sun City, ili m'chigwa cha phiri lakale la moto, muli njovu, mikango, zipembere, njati ndi anyalugwe, mumayendamo ndi galimoto yanu, ndipo kulibe malungo. Ngakhale mugone m'kati, tengani m'mawa umodzi mulowere pa geti la Bakubung, lili pafupi. Bambo anga mafunde sanawasamale n'komwe, koma chipembere chimene anaona pafupi ndi msewu amachisimbabe ku mudzi.

Apusi ndi anyani ndi ambiri, ndipo saopa munthu. Zitseko ndi mawindo muzitseka ngakhale mukungotuluka pang'ono, ana asayende ndi chakudya m'manja, ndipo asawapatse kanthu. Ife anatilowera pa khomo la kuseri n'kutenga buledi ndi nthochi zonse, mwana wamng'ono anachita mantha usiku wonse.

Pa dziwe la mafunde musadalire oyang'anira okha. Funde limabwera pa mphindi imodzi ndi theka iliyonse ndipo limatalika pafupifupi mamita awiri, likamaswa limagwetsa ndi akulu omwe. Ngakhale mwana wozolowera kusamba ku Salima kapena ku Mangochi, si chimodzimodzi, chifukwa anthu amagwerana. Gawanani: wamkulu mmodzi ana awiri, ndipo aziwadziwa kuti ake ndi ati. Ang'onoang'ono akhale kosaya kapena ku kamtsinje koyenda pang'onopang'ono kaja ndi munthu wamkulu. Zotsetserekera zazitali, monga Temple of Courage, zili ndi msinkhu wake, ndiye muwauziretu aang'ono asakalire pamzere. Pansi pamatentha kwambiri masana, anyamulireni masilipasi ndi zipewa.

Chinanso, ngakhale simunafunse. Ngati mwa ana 6 aja alipo amene akubwera ndi agogo kuchokera ku Malawi popanda makolo ake, akhale ndi pasipoti yake, kalata yobadwira, kalata yachilolezo yosainidwa ndi makolo, ndi makope a ziphaso za makolowo. Pasipoti ya Malawi amaipatsa masiku 30 polowa, muonetsetse chidindo chimene adinda pa Beitbridge chikukwana ulendo wonse. Agogo abwere masiku atatu kapena anayi ulendo wa ku Sun City usanafike kuti miyendo iphwe, asatsike basi pa Park Station ku Joni lero mawa n'kuwakwezanso galimoto maola awiri ndi theka. Mankhwala awo a BP ndi shuga akhale m'kachikwama ka m'manja, okwanira mpaka kubwerera.

Mukapeza masiku enieni lembani pano, ndikuuzani mbali imene ife tinagona, inali pafupi ndi poimira basi ndipo mayi ankatsika okha osagwiriziza.