Miyala yolendewera padenga la nyumba za ku Lewis

Achemwali, mwafunsa ngati nyumba yaudzu ya ku Scotland ili pachithunzi chanucho munkakhaladi anthu, komanso kuti miyala yolendewera padengapo ndi ya chiyani. Ine ndinalowapo m'nyumba yotere m'mudzi wa Arnol, pachilumba cha Lewis, ndipo jekete langa linanunkha utsi masiku atatu.

Miyalayo si mankhwala ayi. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic sichita masewera kumeneko, ndiye akafolera amayala ukonde kapena zingwe pamwamba pa udzu, n'kumangirira miyala kunsongako kuti denga lisasasuke. Khoma ndi lalifupi koma lonenepa zedi: mizere iwiri ya miyala yosanja popanda simenti, pakati pake atathirapo dothi. Denga limatsamira mzere wam'kati, choncho madzi a mvula amatsikira m'dothi lija n'kulitsendera, mphepo osapeza podzera. Mitengo pachilumbapo njosowa, moti ambiri ankatola matabwa olavulidwa ndi nyanja n'kupangira phaso.

Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi moto. Chumuni palibe, dala. Moto uli pansi, pakatikati pa chipinda, ndipo sunkazima usana ndi usiku. Nkhuni zake ndi peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe amadula ngati njerwa n'kuliyanika. Utsi umangodzaza kudenga n'kumatuluka pang'onopang'ono kudzera mu udzu, ndipo ukaimirira maso amalira misozi, n'chifukwa chake mipando yawo njaifupi. Ndinakumbuka khitchini ya agogo, chimanga cha mbewu chili lende pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiyandikire. A ku Lewis nawonso utsiwo unkawathamangitsira tizilombo. Ndipo udzu ukada bii ndi mwaye ankausasula n'kukauthira kumunda ngati manyowa. Kuika chumuni kukanakhala kutaya feteleza.

Ng'ombe nazo zinkagona m'nyumba momwemo nthawi yozizira, khomo limodzi ndi anthu, khola lili chakumunsi kuti mkodzo usabwerere kwa eni. Musaseke, kutentha kwa ng'ombezo kunkafunditsa banja.

M'chinenero chawo cha Gaelic amati taigh dubh, kutanthauza nyumba yakuda, pofuna kusiyanitsa ndi nyumba zatsopano zomangira laimu zomwe ankati zoyera. Ndipo si zamakedzana monga mukuganizira. Ya ku Arnol ija eni ake anatulukamo m'zaka za m'ma 1960, pomwe ku Gearrannan, pachilumba chomwecho, omaliza anasamuka mu 1974. Panopa ya ku Arnol amaisamala ndi a Historic Environment Scotland, bungwe loyang'anira malo a mbiri yakale, ndipo moto uja amausonkhabe. Mukadzapita musadzavale zovala za kutchalitchi.