Kodi Oscar Tshiebwe analakwitsa kubwerera ku Kentucky?

Achimwene ena andilembera imelo ndi funso lapawiri. Akuti Oscar Tshiebwe anali katswiri woposa onse pa basketball ya m'makoleji a ku America mu 2022, nanga zinatheka bwanji kuti pa draft ya NBA ya 2023, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya ku America amasankhira osewera atsopano, pasapezeke timu ngakhale imodzi yomutenga? Ndipo munthu angadziwe bwanji kuti mnyamata wa pa koleji wapsa, nthawi yake yolowa draft yakwana?

Achimwene, funso lanu landikhudza, chifukwa nkhani ya mnyamata ameneyu anthu amaikamba mosamuchitira chilungamo. Ena amati anali waulesi, ena amati anakonda ndalama za pa koleji. Zonsezo si zoona.

Tshiebwe anabadwira ku Lubumbashi, ku DR Congo, mu Novembala 1999. Anayamba koleji ku West Virginia pansi pa kochi Bob Huggins, n'kusamukira ku Kentucky kwa John Calipari kumayambiriro kwa 2021. Mu sizoni ya 2021-22 ankagoletsa mapointi 17 pa gemu ndi kuwakha ma rebound 15, mipira yobwerera woponya akaphonya. Ma rebound 15 pa gemu ya mphindi 40, m'ligi ya makoleji yolimba ngati SEC, ndi chinthu chimene anthu anali asanachione kwa zaka zambiri. Mphoto zonse zikuluzikulu za wosewera wabwino pa chaka, ya Naismith, ya Wooden, ya atolankhani a AP, zinapita kwa iye. Ngakhale tsiku limene Kentucky inachita manyazi pogonja kwa Saint Peter's mu Malichi 2022, iye anagoletsa 30 ndi ma rebound 16. Komabe olosera za draft ankamuika mu raundi yachiwiri, ya maina obwera pambuyo pa 30 oyamba. Anasankha kubwerera ku koleji, anachitidwa opaleshoni yaing'ono ya bondo sizoni isanayambe, anasewera bwinobe, mapointi 16 ndi ma rebound pafupifupi 14, ndipo mu Juni 2023 maina 58 anaitanidwa, lake osamveka.

Chimene ambiri saona n'chakuti basketball ya pa koleji ndi ya NBA zimasiyana pa malamulo amene amakhudza kwambiri munthu wamkulu thupi wosewera pansi pa ring'i. Ku koleji, wotchinga akhoza kuima pansi pa ring'i nthawi yonse imene akufuna. Ku NBA saloledwa kukhala m'bokosi muja masekondi oposa 3 ngati sakumaka munthu pafupi. Bokosilo ku koleji ndi lotambalala mamita 3.66, ku NBA ndi 4.88. Mzere wa mapointi atatu ku koleji uli pa mamita 6.75, ku NBA uli pa 7.24 kupatula m'makona. Timu ya pa koleji ili ndi masekondi 30 kuti iponye, ya ku NBA 24. Mukaphatikiza zonsezi, bwalo la NBA limakhala ngati lakula ngakhale kukula kwake n'komweko, ndipo chimphona chimakakamizika kutuluka pansi pa ring'i kukakumana ndi anyamata aang'ono othamanga kunja kwa mzere.

Apa ndi pamene panagona vuto la Tshiebwe. Pafupifupi timu iliyonse ya NBA imayamba kuukira ndi pick and roll: wamkulu thupi amaimirira kutsekereza amene akumaka mnzake wa mpira, kenako n'kuthamangira ku ring'i. Chimphona cha timu yotchinga chiyenera kusankha mwachangu. Chikabwerera m'mbuyo kudikirira pansi pa ring'i, chiyenera kukhala chachitali mokwanira kuti chitchinge zoponya za pafupi komanso mipira yam'mwamba. Chikatuluka kukamaka wamng'onoyo, chiyenera kukhala ndi miyendo yotha kutsetsereka cham'mbali mofulumira. Tshiebwe atamuyeza popanda nsapato ku combine ya 2023, kumene matimu a NBA amayeza ofuna kulowa draft, anangopitirira pang'ono mamita 2. Manja ake ndi aatali ndithu, akawatambasula amaposa mamita 2.2, n'chifukwa chake ma rebound samuphonya. Koma kwa center wa NBA, chimphona chosewera pansi pa ring'i, msinkhu umenewo ndi wochepa pa njira yoyambayo, ndipo miyendo yake sinali yofulumira mokwanira pa yachiwiriyo. Mu Januwale 2023 Alabama inamulondalonda ndi pick and roll mpaka Calipari anamukhazika pa benchi, gemu n'kutha 78-52. Mu Malichi, Markquis Nowell wa Kansas State, kamnyamata kosafika mamita 1.75, anagoletsa 27 n'kuitulutsa Kentucky mu mpikisano waukulu wa makoleji, Tshiebwe ali ndi mapointi 25 ndi ma rebound 18 ake. Ma scout onse, anthu ofufuzira matimu a NBA osewera, anaona magemu amenewo. Onjezaninso kuti kuponya kwa mapointi atatu kunalibe m'masewero ake, ndiye kuti poukira amatsekera anzake njira ya ku ring'i.

Tsono funso lakuti "wakonzeka kodi" lili ndi mbali imene anthu amaidumpha. Musangofunsa ngati mnyamata ali ndi zoperewera, pakuti aliyense ali nazo. Funsani ngati choperewerachocho chingasinthe m'miyezi 12 ya pa koleji. Kuponya kumasintha. Thupi lowonda limadzaza. Kutaya mpira mwachisawawa kumachepa munthu akamasewera magemu ambiri. Msinkhu wa munthu wa zaka 22 susintha, ndipo liwiro la miyendo limangosuntha pang'ono. Mu Juni 2022 Tshiebwe anali wakupsa kale monga mmene akanapsera. Chaka choonjezeracho chinangomuonjezera zaka, kuchoka pa 22 kufika 23, ndi kupatsa ma scout magemu ena 30 oti afufuzemo zolakwika. Pa nkhani ya draft yokha, kubwerera kunamutsitsa. Sindikukayika pamenepo.

Mudzamva ena akutchula Zach Edey pofuna kutsutsa zimenezi. Edey, wa ku Toronto, anatenga mphoto zomwezo mu 2023 ali ku Purdue, timu yake n'kugonja mochititsa manyazi kwa Fairleigh Dickinson. Analembetsa draft, anapita ku combine, anamva kuti akumuika cha mu raundi yachiwiri, n'kuchotsa dzina pa tsiku lomaliza, pa 31 Meyi. Chaka chotsatira anagoletsa mapointi 25 pa gemu, anaifikitsa Purdue mu fainolo kumene anagoletsa 37 pogonja kwa UConn, ndipo Memphis inamutenga pa nambala 9 mu 2024. Zoona, kubwerera kunamupindulira. Koma Edey ndi wa mamita 2.24. Iye akabwerera m'mbuyo pa pick and roll, ring'i imatsekeka. Chimene matimu ankakayikira chinali mpweya ndi kayendedwe kake, ngati angathamange bwalo lonse ulendo ndi ulendo osatopa, ndipo zimenezo zimakonzeka ndi maphunziro olimbitsa thupi. Anapitanso ndi timu ya Canada ku World Cup ya FIBA mu 2023, kumene anachita maphunziro ndi osewera a NBA tsiku ndi tsiku. Ndipo tisabise, draft ya 2023 inali ya Victor Wembanyama ndi anyamata ena amphamvu, pamene ya 2024 inali yopepuka pamwamba. Chaka chimene ukulowa chimawerengedwa. Edey anali ndi choperewera chokonzeka, komanso anagwera chaka chabwino. Tshiebwe analibe ziwiri zonsezi.

Msinkhu wokha nawonso umanamiza. Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, wa mamita 2.21, anatengedwa ndi Memphis yomweyo pa nambala 2 mu 2009, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry. Ku UConn ankatchinga zoponya zoposa 4 pa gemu, ataima pansi pa ring'i monga mmene malamulo a koleji amalolera. Basketball anaiyamba mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 15, ndipo manja ake ndi kuwerenga kwake masewero zinali zisanakhwime. Sizoni yake yoyamba isanathe, mu February 2010, anamutumiza ku ligi yaing'ono. Kodi analakwitsa kulowa? Pa thumba lake ayi, nambala 2 ndi ndalama zimene palibe angakane. Pa masewero ake, timu inamutenga ngati wakupsa pamene anali wofunika zaka zina zophunzira mosapanikizidwa. Ndiye mukuona kuti kukonzeka kusankhidwa ndi kukonzeka kusewera ndi zinthu ziwiri. Thabeet anali ndi choyamba. Tshiebwe anali ndi chachiwiri.

Ndipo apa ndiime nji: matimu analakwitsa kumusiya Tshiebwe. Maina a kumapeto kwa raundi yachiwiri nthawi zambiri amakhala a anyamata amene sadzasewera magemu 50 a NBA moyo wawo wonse. Ngati uli ndi nambala 50 kapena 55, n'chifukwa chiyani usiye munthu amene ali ndi luso limodzi lotsimikizika, loposa la wina aliyense m'badwo wake, n'kukatenga wa zaka 19 amene ukungomuyembekezera? Ma rebound ndi chimodzi mwa zinthu zimene wosewera sazisiya ku koleji, amapita nazo. Indiana Pacers inamupatsa kontirakiti ya two-way, yosewera ku NBA ndi ku ligi yake yaing'ono ya G League, draft itatha, ndipo mu G League anapitiriza kukolola ma rebound mpaka kukhala wosewera watsopano wabwino koposa mu 2024, asanapite ku Utah Jazz. Munthu wotere akhoza kukupatsa mphindi 12 zabwino kuchokera pa benchi m'ligi ya magemu 82, mmene zimphona zimavulala sabata ndi sabata. Matimu amaopa kuoneka opanda masomphenya, ndiye amathamangira unyamata.

Komabe kusatchulidwa dzina si imfa. Austin Reaves mu 2021 anakana kutengedwa mu raundi yachiwiri kuti asankhe yekha timu, n'kupita ku Lakers. Fred VanVleet sanasankhidwe mu 2016, koma mu 2019 anatenga chikho ndi Toronto. Ukatengedwa pa nambala 52, timu imeneyo imakugwira ngakhale ili ndi anthu anayi pa malo ako. Ukasiyidwa, ejenti wako amaimba foni kumene kuli mpata.

Nkhani ya ndalama nayo yasintha masamu onse. Wotengedwa mu raundi yoyamba, maina 30 oyamba, amalandira kontirakiti ya zaka ziwiri zotsimikizika ndi zina ziwiri zimene timu imasankha, ndipo ngakhale wa nambala 30 amapitirira madola 2 miliyoni pa chaka. Raundi yachiwiri ilibe chitsimikizo chotere, zimatengera zimene mwagwirizana. Two-way, imene wosewera amagawa nthawi pakati pa NBA ndi G League, imalipira theka la malipiro otsikitsitsa, pafupifupi madola 560,000 mu sizoni ya 2023-24. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera a pa koleji amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo, zimene amazitcha NIL, ndipo kuyambira 2025 masukulu enieniwo akhoza kugawana ndalama ndi osewera. Katswiri wa sukulu ngati Kentucky akhoza kupeza zoposa two-way. N'chifukwa chake olembetsa draft msanga anatsika kufika 106 mu 2025, pamene mu 2021 anaposa 300. Kwa wochokera kunja pali msampha wina: viza ya ophunzira ya F-1 siilola kugwira ntchito zotere ali m'dziko la America. Tshiebwe anachita zambiri za malonda ake pamene timu inapita ku Bahamas mu Ogasiti 2022. Choncho ngakhale ndanena kuti kubwerera kunamutsitsa pa draft, sindinganene kuti kunali kupusa. Anasiya raundi yachiwiri yosatsimikizika n'kutenga ndalama zooneka ndi chaka china cha sukulu. Ndani wa ife angamudzudzule?

Zoyenera kuona ndi kuchita

Lamulo loyamba: mnyamata akwanitse zaka 19 m'chaka cha draft, ndipo papite chaka chimodzi chimalizireni sekondale. Sizoni ikatha apemphe maganizo ku Undergraduate Advisory Committee ya NBA, imene imamuuza molemba kuti matimu akumuona pati. Alembetse dzina pasanafike masiku 60 draft isanachitike, cha kumapeto kwa Epulo, ndipo ngati akufuna khomo la koleji likhale lotsegula, agwiritse ntchito ejenti yekhayo wovomerezeka ndi NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji. Akaitanidwa ku combine ku Chicago mu Meyi, asewere magemu a asanu kwa asanu ngati sali m'gulu la pamwamba penipeni. Kusaitanidwa kumene ndi yankho kale.

Inu oonera, siyani mapointi. Onani kuti angamake ndani ku NBA, pa malo ati. Onani ma free throw, zoponya zaulere munthu akachitiridwa faulo: woposa 80 pa 100 aliwonse kawirikawiri amadzaphunzira kuponya patali, wosafika 65 n'zokayikitsa ngakhale ma three ake aoneke bwino chaka chimodzi. Onani magemu ake ndi matimu amphamvu okha, osati a mu Novembala ndi timasukulu tating'ono. Dzifunseni chimene angachite mpira usali m'manja mwake, pakuti ku NBA adzaugwira pang'ono.

Ngati timu yamulonjeza mnyamatayo raundi yoyamba, apite. Ngati akumuika pakati pa 31 ndi 45 ndipo pali kontirakiti yotsimikizika, ayerekeze ndi zimene sukulu ikupereka. Kupitirira apo, abwerere pokhapokha choperewera chake chili chokonzeka kapena ndalama za koleji zili zambiri. Tsiku lochotsa dzina la NCAA limafika masiku 10 combine itatha, ndipo limabwera msanga kuposa la NBA, limene ndi masiku 10 draft isanachitike. Akatsatira la NBA n'kuphonya la NCAA, ku koleji sangasewerenso. NBA nayo imalola kuchotsa dzina kawiri kokha.